Lilime ndi Choonadi: Umboni wa Vinyo Wosungidwa

Limodzi mwa mafunso akale m'maphunziro a filosofi ndi lakuti, munthu akanena kuti chinthu n'chokoma, kodi wanena zoona za chinthucho kapena wangoulula za m'kamwa mwake. Immanuel Kant, polemba mu 1790 za mmene anthu amaweruzira zokongola, anatenga vinyo wa ku zilumba za Canary ngati chitsanzo cha zinthu zimene zimangokomera mwini lilime, zomwe anthu alibe chifukwa chotsutsiranapo. David Hume, mu 1757, anali atayang'ana kwina. Iye anakumbutsa nkhani ya m'buku la Don Quixote ya amuna awiri amene anasekedwa atalawa vinyo, wina n'kunena kuti akumvamo chikopa, wina chitsulo, mpaka mgolo utakhuthulidwa n'kupezeka kiyi wakale womangidwa ku kachingwe kachikopa.

Kiyi ameneyu amangotsimikiza kuti amunawo anali ndi malilime akuthwa, koma sanena kanthu za ubwino wa vinyoyo. Umboni wolemera kuposa apa umapezeka m'chipinda chosungiramo vinyo woyera wosatsekemera, ndiye kuti vinyo amene yisiti inadya pafupifupi shuga yense wa m'madzi a mphesa pamene ankawira. Ku Hunter Valley, m'dziko la Australia, alimi amathyola mphesa za Semillon zisanapsetse, ndipo vinyo wake, amene ukali wake umangofika pa 10 kapena 11 peresenti, amathiridwa m'mabotolo osadutsa m'migolo yamatabwa. Akali wamng'ono amawawasa ngati mandimu ndipo amamveka wopanda thupi, moti munthu wosazolowera angamuyese wolephereka. Katswiri, pomva kuchuluka kwa asidi ndi mmene kukoma kukukhalitsira m'kamwa, amalosera kuti pakapita zaka khumi kapena kuposerapo vinyoyu adzasanduka wagolide, wonunkhira uchi ndi buledi wowamba. Mawu oterewa sangakhale a zokonda chabe, chifukwa nthawi ikhoza kuwatsutsa, ndipo chilichonse chimene chingatsutsidwe ndi zochitika chili m'gulu la zinthu zodziwika kapena zolakwitsidwa. Mabotolo a Semillon wotchedwa Vat 1 a banja la Tyrrell atsimikiza ulosi wotere kwa zaka zambiri.

Komatu chipinda chosungiramo vinyo, chomwe chili ngati bwalo loweruza ulosi wotere, chimafuna kusamalidwa kuti chigamulo chake chikhale cholungama. Botolo liyenera kukhala mumdima, pamalo ozizira pafupifupi madigiri 12 osasinthasintha, ndipo ngati n'lotsekedwa ndi chitsekerero cha khungwa la mtengo liyenera kugonekedwa kuti khungwalo lisaume n'kulowetsa mpweya. Zitsekerero zoterezi zinkawononga vinyo wambiri, ndipo n'chifukwa chake mu 2000 opanga vinyo wa Riesling angapo a ku Clare Valley, ku Australia komweko, anagwirizana zoyamba kutseka mabotolo ndi zivundikiro zopotokola zachitsulo. Asanatero, vinyo akaonongeka kunali kovuta kudziwa ngati walakwa ndi wolosera kapena chitsekerero.

Ngakhale zili choncho, Kant sanagonje kotheratu, ndipo wofuna choonadi ayenera kuvomereza zimenezi mosanyinyirika. Riesling akakalamba amatulutsa fungo lofanana ndi la palafini, lochokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa TDN. Akatswiri awiri akhoza kulimva onse, kugwirizana za gwero lake ngakhalenso za zaka za vinyoyo, koma wina n'kulitcha ulemerero wa ukalamba, wina chilema. Apa zaka zina khumi sizingathetse mkangano, pakuti asiyana pa zimene akufuna kwa vinyo, osati pa zimene zili m'botolo. Chimene chipinda chosungiramo chimachita ndi kuchepetsa dera la zokonda za munthu, n'kuonetsa kuti zambiri zimene Kant anazisiyira lilime la aliyense ndi luso lophunzirika, limene wina angapose nalo mnzake ndipo angafunsidwe nalo mlandu botolo likadzatsegulidwa.