Kodi Msodzi wa ku Chinde ndi Mnansi Wako?

Mnzanga wa ku Parklands, usati za nyanja yamcere sizikukhudza popeza Zambia alibe gombe. Madzi a Kafue opita pa Kitwe alowa mu Zambezi kufupi ndi Chirundu, nakathira m'nyanja ku Mozambique. Kumeneko nsomba ndi nkhanu ziswana m'mizu ya mitengo ya m'matope, ndipo mabanja a asodzi adalira zimenezo.

Mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi. Asidi analowa mu Mwambashi ndi Kafue, nsomba zinafa, mipope ya ku Kitwe inatsekedwa. Tinalawa kuwawa kokhala kumunsi kwa wina.

Nawenso uli kumtunda kwa wina. Pulasitiki imene utaya m'ngalande sifuna pasipoti. Munthu wodalira madzi ocokera kwanu ndi mnansi wako, ngakhale sudzamuona nkhope. Usamtumizire cimene cinakuliza iwe.