Diso la ku Joni

Achimwene anga adapita ku Johannesburg kukasaka maganyu monga achitira anyamata ambiri a kuno kwa Nsanama. Atapeza kangachepe, adamanga nyumba yamalata pafupi ndi msewu wa ku Ntaja, n'kusiyamo alamu ndi ana awiri.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mdima utanyanya, achimwene adatumiza sola, batire, mababu ndi kamera, zonse zolumikizika ku foni yawo popanda waya. Ali ku Joni komweko amaona mphamvu yotsala m'batire, amazimitsa babu loiwalika, ndiponso amaona aliyense wofika pakhonde.

Ubwino wake sindingaukane. Batire idaleka kutha pakati pa usiku, ana amawerenga mpaka 9 koloko, ndipo akuba mbuzi adayamba kulambalala pakhomopo.

Koma tsiku lina madzulo ndidakasiya ufa kwa alamu. Ndisadafike n'kwathu komwe, foni idalira. "Iwe, walowa 7 koloko, watuluka 8 koloko. Mumakambirana zotani ndi alamu ako?" Adaseka, inenso ndidaseka. Koma kuyambira tsikulo ufa ndimatuma mwana.

Kodi kulondera nyumba kumalekezera pati, nanga kukayikira anthu kumayambira pati? Makolo athu popita ku Wenela ankasiya banja m'manja mwa abale ndi anansi. Poti sankaona kanthu, ankangokhulupirira, ndipo osiyiridwawo ankachita manyazi kuwagwiritsa fuwa lamoto. Sindikunena kuti onse adali okhulupirika ayi. Koma wokhulupirikayo ulemu udali wake.

Ena adzati wosalakwa saopa kamera. Alamu adandiyankha bwino pamenepa: "Sindiopa kugwidwa, alamu. Chondiwawa n'chakuti ndikasunga banja, achimwene anu amayamikira kamera."

Makinawa amadziwa amene walowa ndi nthawi imene watuluka, koma chimene wadzera sachidziwa. Mpata umenewu amadzaza ndi mtima wa woonerayo, ndipo mtima wa munthu amene ali kutali suchedwa kudzazamo zoipa. Ndiye ine ndikuti makina awerenge mphamvu ya batire ndi mbuzi za m'khola, koma mkazi ndi mbale asawerengedwe ngati ziweto.

Achimwene atabwera kutchuthi, ndidawapempha kuti kamera ija ailozetse kukhola. Adati aganizira. Mpaka lero idakapenyabe pakhonde.