MSAMPHA WA PA KAUNTALA: KODI KUKHULUPIRIKA KUMAYESEKA?

Munthu akafuna ntchito yogulitsa m'sitolo pa Thuchila, kapena pa malo ena alionse a malonda m'boma la Mulanje, safunsidwa zambiri za satifiketi ya MSCE. Mwini sitolo amafuna kudziŵa zinthu zitatu: ngati mnyamatayo kapena mtsikanayo amatha kuŵerengera chenji msanga, ngati ali ndi pakamwa pabwino polandira ogula, ndiponso ngati manja ake ngosayabwa. Ziŵiri zoyambazo nzosavuta kuziyesa. Chachitatucho ndicho chatipatsa nkhani.

Njira zake timazidziŵa. Ena amafunsa kuti, "Ndiwe mwana wa yani?" Ena amafuna kalata ya anyakwaŵa kapena ya kumpingo. Ena amafuna mboni yoti idzalipire katundu akadzasoŵa. Koma palinso njira ina imene eni masitolo amasimbirana monyadira: kusiya dala ndalama pa kauntala kapena pansi pa katoni ya sopo, nkutuluka ngati akupita kuseri, kuti aone ngati wofuna ntchitoyo atole. Funso langa ndi ili: kodi nkoyenera kutchera munthu msampha pofuna kudziŵa mtima wake?

Tiyambe tamumvera mwini sitolo, pakuti mantha ake si opanda pake. Kuyambira mu 1970 boma la Dr. Banda lidayamba kuchotsa amwenye m'masitolo a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 malonda awo adatsalira m'mizinda ikuluikulu. Masitolo a kumidzi adagwera m'manja mwa Amalaŵi a mpamba wochepa, ndipo ambiri mpamba wawo ukadali wochepa. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, miyezi yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy amene adasakaza Mulanje, wogulitsa shuga ndi mafuta ophikira adaona phindu lake likusungunuka ali chipenyere. Kwa munthu wotere, paketi imodzi yosoŵa tsiku ndi tsiku ndi imfa ya sitolo. Ndiye akamva anthu akuseka kuti mbuzi imadya pamene aimangirira, tulo samuona.

Komabe msamphawo uli ndi zilema ziŵiri. Choyamba nchakuti suyesa chimene ukuti ukuyesa. Plato, m'buku lake la Republic, adasimba za Gyges, mbusa amene adatola mphete yomuchititsa kusaoneka, ndipo ataona kuti palibe womuona adachita zoipa zonse zimene mtima wake udafuna. Phunziro lake nlakuti khalidwe la munthu limadziŵika pamene iye akutsimikiza kuti palibe diso pa iye. Tsono wofuna ntchito pa tsiku loyamba amadziŵa kuti maso onse ali pa iye. Wakuba wochenjera ndalama ija aibweza ndi manja aŵiri, nkudikira mwezi wachitatu. Wogwidwa ndi wopusa yekha, kapena wanjala amene wayenda wapansi kuchokera kumudzi osalaŵa kanthu. Motero msampha umasankha ochenjera, osati okhulupirika.

Chilema chachiŵiri nchachikulu koposa. Wotchera msampha wayamba ndi bodza. Akunamizira kuiŵala ndalama pamene sadaiŵale. Akufuna choonadi kwa mnzake pogwiritsa ntchito chinyengo. Immanuel Kant adaphunzitsa kuti munthu asasandutsidwe chida chabe cha zofuna za wina. Makolo athu adanena zomwezo m'mawu amodzi akuti umunthu. Nyambo timaikira mbeŵa ndi nsomba. Tikaikira munthu, tamuuza kale chimene tikumuyesa, ndipo tsiku limene adzazindikire, adzaphunzira kuti m'sitolo muno aliyense amachenjerera mnzake.

Nanga kulemba wachibale ndiko kuthetsa vutoli? Ambiri amatero, poti chibale ndi fupa sichiola. Koma mwana wamasiye wa manja oyera, amene alibe malume wa sitolo, walakwa chiyani? Ndiponso eni masitolo omwewo amadandaula kuti mphwawo akadya mpamba sangamutengere kupolisi, poopa kupasula mudzi.

Pali mbali ina imene sitiikamba kaŵirikaŵiri. Pa tsiku lofunsidwa, woyesedwa ndi mmodzi yekha. Wofuna ntchito sangafunse kuti, "Bwana, malipiro adzabwera pa tsiku lake? Katundu akadzapereŵera, tidzaŵerenga limodzi kapena mudzangondidula? Nditseka nthaŵi yanji?" Akafunsa, amuyesa wamwano. Chonsecho lamulo la za ntchito la mu 2000, la Employment Act, limalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito mfundo za ntchito yake zolembedwa. Ngati mwini sitolo abisa malipiro mpaka kutha kwa mwezi, wayamba ndi iye kuphwanya chikhulupiriro chimene akuchifuna.

Ine ndikuti kukhulupirika si chinthu chimene munthu amabwera nacho m'thumba kuti achionetse pakhomo ngati chiphaso. Ndi mbewu imene anthu aŵiri amalima pamodzi. Mwini sitolo ali ndi ufulu wonse woteteza chuma chake, koma achite poyera: aŵerenge katundu pamodzi ndi wantchito, alembe m'kabuku kamene onse aŵiri akuona, anene malipiro asanayambe ntchito, ndipo masiku oyeserera alipire. Wakuba amathaŵa yekha sitolo yotere, pakuti mulibe mdima wobisalamo. Wokhulupirika amakhazikika, pakuti palibe womunamizira.

Enafe tidzachoka pano nkukakhala kuseri kwa tebulo, tikufunsa ena mafunso. Tisanafunse kuti, "Kodi uyu ndingamukhulupirire?" tiyambe tadzifunsa ngati ife tampatsa chifukwa chotikhulupirira.