Mwana Wosamva Kapena Wovulala?

Werengani: Oweruza 13:2-7

Azimai anzanga mwa Ambuye, mngelo analetsa mkazi wa Manowa kumwa zoledzeretsa poyembekezera Samsoni. Lero madokotala akutiuza zomwezo. Mowa umene mai wapakati amamwa, kaya kacasu kaya wam'botolo, umafika kwa mwana m'mimba ndi kuvulaza ubongo wake. Vutoli amalicha FASD, ndipo silitha ngakhale mwana akule.

Ine kusukulu ndinakwapulapo mnyamata wotere, ndimayesa ndi mwano. Ukamuuza lero, mawa waiwala. Akalangidwa, abwerezanso comweco. Nditamva mbiri yake kwa agogo ake ndinalira, ndipo mpaka lero ndimapempha Mulungu andikhululukire.

Ngati mukulera mwana wotere, mwina mdzukulu wamasiye, ikani pansi cikwapu. Muuzeni cinthu cimodzi cokha m'mau ocepa, mawa mubwerezenso osatopa. Nthawi yodya ndi yogona isamasinthesinthe. Akapsa mtima, mucotseni paphokoso ayambe wazizira, zokambirana zibwere pambuyo. Pitani naye kucipatala, aphunzitsi ake adziwenso.

Nanga amai ake? Ena anamwa asanadziwe n'komwe kuti aima. Tisawaloze zala. Kawatengeni kunyumba kwao, adzakhale nafe pa benci limodzi ku Cigwirizano sabata ino.