Nyali ya malemu, zitsulo zatsopano

Usipa umene amayi amauyala m'mabeseni pa Msika wa Nkhata Bay m'mawa umakhala utakodwa ndi kuwala. Usiku wopanda mwezi siginala amapalasa bwato lake lokhala ndi nyali, nsombazo zimaunjikana pansi pa kuwalako, ndipo anzake amazizinga ndi ukonde wa chilimira. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkadalira nyali zopopa za parafini, za mtundu wa Tilley ndi zinzake, mpaka mababu a LED oyendera batire atayamba kuzilanda malo.

Nyali yopopa imadwala kawirikawiri. Galasi limasweka bwato likawombedwa ndi mwera. Kansalu kamene kamayaka n'kutulutsa kuwala kamayoyoka kakangokhudzidwa. Kachikopa ka m'pampu kamauma, kachubu kokweza parafini kamatsekeka ndi mwaye, thanki imabooka n'kumatidwa, kenako imasinthidwa. Pakapita zaka, pa nyaliyo sipatsala kanthu kamene kanachoka nako kusitolo. Koma mwini wake akafika nayo kwa wokonza amati, "Ada, muigwire bwino, ndi ya malemu bambo anga iyi." Wokonzayo satsutsa, ngakhale akudziwa kuti theka la zitsulozo anaziika ndi manja ake malemuwo ataikidwa kale m'manda.

Kodi mwini nyaliyo akunama?

Funsoli ndi lakale kuposa parafini. Plutarch, mlembi wa ku Greece, anasimba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankachisunga pochotsa thabwa lowola n'kuikapo lina, mpaka anzeru a kumeneko anagawanika: ena ankati chombocho n'chomwecho, ena ankati ayi. Mu 1655 Thomas Hobbes wa ku England anathirapo tsabola. Anati tiyerekeze kuti wina ankatola matabwa otayidwawo, kenako n'kuwalumikizanso onse. Pakhala zombo ziwiri. Cha Theseus n'chiti?

Anthu a ku Nkhata Bay safunika kupita ku Athens kuti akaone zimenezi, chifukwa chombo chotere chimakocheza pa doko lawo. Sitima ya Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa kuno ku Malawi, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kuchokera pamenepo mainjini ake anasinthidwa, zitsulo zadzimbiri zinadulidwa n'kuwotchereredwa zina, akapitawo ndi ogwira ntchito oyamba anapita. Komabe wamalonda wopita ku Likoma, ku Chizumulu, ku Usisya kapena ku Ruarwe ndi matumba a ufa sakayika kuti akukwera sitima imene agogo ake ankakwera. Dzina lokha silingafotokoze zimenezi, chifukwa panali Ilala ina, imene inafika panyanjayi mu 1875 ndi amishoni a Livingstonia, pakati pawo panali Robert Laws. Dzina ndi limodzi, nyanja ndi imodzi, koma palibe amene amati sitima ziwirizi ndi imodzi.

Yankho labwino likupezeka pa benchi ya mmisiri. Ku Britain ndi ku America kuli anthu amene amakonza nyali za ngolo zokokedwa ndi akavalo za m'zaka za m'ma 1800. Zambiri mwa nyalizi zinkayaka ndi kandulo yoikidwa m'chubu, pansi pake pali sipuling'i yoikankhira m'mwamba pamene ikusungunuka. Mafakitale amene ankazipanga anatsekedwa kalekale, choncho chipewa cha pamwamba chikaphwanyika palibe sitolo yokagulako china. Mmisiri amatenga chipewa cha nyali inzake, popeza nyalizi zinkayenda ziwiriziwiri, kapena zotsala za chophwanyikacho, n'kuziyeza. Amasema chikombole cha mtengo wolimba chofanana ndi mkati mwake, n'kuchimangirira pa makina ozungulitsa otchedwa lathe. Kutsogolo kwa chikombolecho amapanikizapo chimbale chopyapyala cha mkuwa. Makina akamazungulira, iye amatsamira ndi thupi lonse pa ndodo yachitsulo yosalala kunsonga, yopakidwa phula kapena mafuta, n'kumaukankha mkuwawo pang'onopang'ono mpaka utagona pa mtengo. Mkuwa ukakankhidwa kwambiri umauma mutu ndipo ungang'ambike, motero amauchotsa, kuuwotcha mpaka utafewanso, n'kuubwezera pa makina.

Pa ntchito yonseyi mmisiri alibe ufulu wopanga chimene mtima wake wakonda. Chitsulo chatsopano chimalamulidwa ndi chakale. Kukula kwake, kupindika kwake, malo a zibowo zake, zonse amazitenga pa zimene anazipeza. Chikalakwika pang'ono pokha sichilowa. Wokonza nyali kuno kwathu amachita chimodzimodzi ndi zida zochepa. Amadula kachikopa ka nsapato yakutha molingana ndi pampu imene ilipo, ndipo wokhoma zitini amayeza pakamwa pa koloboyi asanapinde kachivindikiro kake. Nyali ya malemu imakhalabe ya malemu chifukwa chidutswa chilichonse chatsopano chinabwera kudzagonjera zidutswa zimene chinazipeza, ndipo panalibe tsiku limene mzere umenewu unaduka. Babu la LED limaitana usipa womwewo, mwinanso bwino kuposa, koma silinayezedwe pa kanthu kalikonse ka malemuwo. N'chifukwa chake mwana wa msodzi salitchula kuti ndi la bambo ake.

Maufumu a m'boma la Nkhata Bay amayendanso motero. Mkumbira, Timbiri, Mankhambira, Kabunduli ndi Fukamapiri ndi mayina amene akhala akulowedwa ndi anthu osiyanasiyana. Mfumu ikamwalira, banja lachifumu silingotola munthu pamsewu n'kumupatsa dzina. Akuluakulu amasanthula kuti ndi wa mbumba iti, amamulangiza, amamuuza malire a dziko ndi milandu imene am'mbuyo ake anagamula. Akalowa, chigamulo cha amene anamutsogolera chimamumanga iyenso. Mikangano ya ufumu imene imafika mpaka kukhoti imabuka pamene ena akuona kuti wolowayo sakulumikizana bwino ndi mzerewo.

Nkhaniyi imalemera kwambiri ikafika pa thupi la munthu. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120 okha n'kulowedwa m'malo ndi ena. Khungu limafundula mosalekeza. Gogo amene akugulitsa chinangwa cha kondowole lero alibe magazi amene anali nawo ali namwali, koma ngongole imene anatenga kalelo ndi yake ndithu, ndipo ana amene anabereka samutcha mlendo. Akale anati madzi saiwala khwawa: madzi amapita, amabwera ena, koma amadzera momwe anzawo anadzera.

Nanga mzerewo ukaduka? Apa ndi pamene nzeru za pa benchi zimaperewera, chifukwa imfa ndi kuduka kwenikweni. Akhristu a CCAP, Anglican ndi Katolika amavomereza Lamlungu lililonse kuti amakhulupirira kuuka kwa thupi, ndipo Asilamu nawonso amayembekezera tsiku limene mafupa ofumbwa adzapatsidwanso moyo. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja chikhulupiriro chimenechi chili ndi funso lowawa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Florence Bay, komwe lero ndi ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Mpaka lero mabanja a asodzi amalira maliro opanda mtembo. Thupi limene linatsala pansi pa nyanja, n'kudyedwa ndi nsomba, lidzauka bwanji?

Augustine wa ku Hippo, bishopu wa kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, anayankha ndi chitsanzo cha kwa osula. Anati chiboliboli chachitsulo chikasungunulidwa, mmisiri angachiumbenso ndi chitsulo chomwecho, ndipo zilibe kanthu kuti kachidutswa kamene kanali pamkono kapita kumwendo. Kwa iye palibe kanyenyeswa ka thupi kamene kangasowe pamaso pa Mulungu. Paulo, mu chaputala 15 cha kalata yoyamba kwa Akorinto, anadzera njira ina. Iye anaphunzitsa kuti chofesedwa ndi mbewu ndipo chomera chimatuluka ndi thupi losiyana nayo, komabe mbewu iliyonse imabala za mtundu wake. Augustine anatsamira pa chitsulo, Paulo pa kaonekedwe kamene Mulungu amapereka. Onse awiri anavomereza kuti kupitirira kwa munthu sikuli m'manja mwa munthuyo. Pafunika wina wokumbukira muyezo wake pamene chidutswa choyezerapo chasowa. Wokhulupirira amati wokumbukirayo alipo. Wosakhulupirira amati muyezo umathera m'manda, ndipo chotsala ndi dzina limene mdzukulu wapatsidwa. Luso la mmisiri silingagamule mlandu umenewu, koma limasonyeza bwino lomwe pamene wokhulupirira ndi wosakhulupirira akusiyanira.

Chombo chachiwiri cha Hobbes nachonso chimapezeka pamsika. Wokonza nyali sataya chitsulo. Amasunga mathanki omatidwa, mapampu otopa ndi zipewa zopindika m'katoni pansi pa benchi, ndipo tsiku lina amazilumikiza n'kutulutsa nyali yoti agulitse. N'kutheka kuti nyali imeneyo ili ndi zitsulo zambiri zimene malemu anazigwira ndi manja awo kuposa imene mwana wawo akusunga kunyumba. Munthu wosonkhanitsa zinthu zakale ku London akhoza kusankha ya m'katoniyo, chifukwa kwa iye mtengo uli pa chitsulo choyambirira, ndipo wogulitsa amene wabisa zoti chipewa n'chatsopano amatengedwa ngati wakuba. Ku Nkhata Bay mwana wa malemu akaiona nyaliyo pa benchi amafunsa mtengo ngati wogula wina aliyense, ndipo akaona kuti wakwera amanenerera.