Wopanda Mapointi Ni wa Zingati?

Mkangano wa basketball m'komboni ukafika pothina, pali mau amene munthu amaponya kuti atseke mnzake pakamwa: "Uja? Amangodyela anzake. Mucotsele Curry uone." Amene akunenedwa ni Draymond Green wa Golden State Warriors. Mau awa mudzawamva pa khoti ya simenti ku Matero, m'babashopu ku Chawama, kapena pa WhatsApp kuseni-seni anthu atacezela masewela a NBA. Dzina limasintha, cifukwa akulu-akulu athu anali kunena zimenezi za Scottie Pippen, koma mlandu ni umodzi: munthu amene amawala cabe akakhala pafupi na katswili alibe phindu lake-lake.

Mlandu uwu ufunika kuuzenga bwino, cifukwa sikelo imene timapimila osewela ni imodzimodzi imene timapimila anthu a pa nyumba pathu.

Tiyambe na cimene maso amaona. Mpila ukalowa m'neti, aliyense waona, ndipo wolemba manambala walemba. Nchito ya wochinga ni yosiyana: akaigwila bwino, cinthu cimene cinafunika kucitika sicicitika. Wosewela athamanga na mpila kuyang'ana ling'i, aona Dikembe Mutombo ataimilila pakati, asintha maganizo n'kubwelela. Shoti imene sinaponyedwe ilibe poilemba. Mutombo, mwana wa ku Kinshasa amene anamwalila mu 2024, ali na ma block 3,289 m'mabuku a NBA, ndipo amene amupambana ni Hakeem Olajuwon cabe. Koma mashoti amene anafela m'mitima ya anthu cifukwa comuopa, amenewo palibe anawelenga.

Ngakhale ma block enieniwo, NBA inayamba kuwawelenga mu sizoni ya 1973-74. Bill Russell anatenga makapu 11 na Boston Celtics m'zaka 13, analeka kusewela mu 1969, ndipo onse amene anamuona amati kuchinga ndiye kunali mphamvu yake. Pa pepala, Russell alibe block olo imodzi. Pepala silinama, koma limakamba cabe zimene munthu wina anasankha kuwelenga. Ise manje tinacepetsanso sikelo: bandulo ikacepa timatamba kavidiyo ka mphindi ziwili, ndipo m'kavidiyo mumalowa ma dunk na ma three. Amene anaima m'njila kuti woponya apeze mpata amaoneka msana cabe.

Koma tisathamangile kuteteza wochinga monga kuti omutsutsa alibe mfundo. Ali nayo, ndipo ni yolema. Mu sizoni ya 2019-20, Kevin Durant anali atacoka ku Golden State, Klay Thompson anali na bondo lovulala, Stephen Curry anathyoka dzanja n'kusewela magemu 5 cabe. Green anatsala. Timu inawina magemu 15, inaluza 50, ndipo inathela pansi pa matimu onse. Iye anali kupeza mapointi 8 pa gemu. Zoona zake n'zakuti luso lopanga basiketi pamene palibe mpata ni losowa kwambili, ndipo Green alibe luso limenelo. Amene amakamba kuti osewela onse ni olingana akufuna cabe kutisangalatsa. Curry ni wamkulu kupambana Green, ndipo kukana zimenezi n'kuwononga mlandu wabwino na bodza.

Vuto lili pa mayeso enieniwo. Ganizilani minibasi pa Kulima Tower. Mukacotsa dalaivala, kondakitala sangaiyendetse, zoona. Koma mwaphunzilapo ciani? Mwaphunzila kuti kondakitala si dalaivala, cimene munali kudziwa kale. Ngati mufuna kudziwa nchito ya kondakitala, musiyeni dalaivala pa mpando wake, mucotse kondakitalayo. Muone ngati basi idzadzala, ngati chenji idzabwezedwa popanda ndeu, ngati kashing'i ya mwini basi idzakwana madzulo. Munthu timamupima pocotsa iye mwini, anzake onse atakhala m'malo ao.

Mayeso amenewa anacitikapo kwa Green. M'mafainolo a 2016, Golden State inali patsogolo 3-1 pa Cleveland ya LeBron James, itatsala na gemu imodzi kuti itenge kapu. Green analetsedwa kusewela gemu yacisanu cifukwa ca ukali wake pa khoti. Curry na Thompson analipo, pa khoti ya kwao, koma analuza: LeBron na Kyrie Irving analowetsa mapointi 41 aliyense. Green anabwelela, pa gemu yothela anapeza mapointi 32, koma mphepo inali itatembenuka kale ndipo kapu inapita ku Cleveland. Panali zifukwa zinanso, monga kuvulala kwa Andrew Bogut, koma dzenje limene Green anasiya usiku uja aliyense analiona. Ndipo nkhaniyi imamuweluza mbali zonse ziwili: inaonetsa kuti ni wofunika, inaonetsanso kuti wofunika akalephela kudzigwila amagwetsa anzake onse.

Manje tiyang'ane kwa katswili. Michael Jordan analowa mu NBA mu 1984. Mu 1986 analowetsa mapointi 63 pa gemu imodzi ya ma playoff na Boston, ndipo Chicago inaluza gemu imeneyo. Pa zaka zake zitatu zoyamba, Pippen asanabwele mu 1987, Jordan anawina gemu imodzi cabe pa magemu 10 a ma playoff. Makapu ake onse 6 anatenga ali na Pippen pambali. Jordan atacoka mu 1993 kukayesa baseball, Chicago ya Pippen inawina magemu 55, pamene caka capambuyo ili na Jordan inawina 57. Kapu sinatenge, ndipo pamenepo mpamene kukula kwa Jordan kumaonekela. Koma palibe amene amaima m'babashopu kunena kuti Jordan anali kudyela Pippen. Onse awili anali kudalilana. Kudalila kwa wamkulu timakucha utsogoleli, kudalila kwa wamng'ono timakucha kudyela. Mau amasintha kulingana na amene ali na dzina.

Ndipo dzina limakoka ndalama. Mu 1991 Pippen anasaina kontilakiti ya zaka 7 ya madola pafupifupi 18 miliyoni. Mu sizoni ya 1997-98 Jordan analandila madola opitilila 30 miliyoni, Pippen osafika 3 miliyoni. N'cifukwa ciani anasaina? Anali cisilizila pa ana 12 ku Hamburg, ka tauni kakang'ono ku Arkansas. Atate ake anadwala sitiloko, mkulu wake wina anali pa njinga ya olemala. Mwana wa m'komboni safunika kumumasulila zimenezi: amene akudyetsa nyumba sakhala na nthawi yokambilana mtengo, amatenga cimene cili pa tebulo lelo.

Apa mpofunika kucenjela na miyambi yathu. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma mwambi uwu umamveka kawili-kawili pakamwa pa amene wakhala pa mthunzi wa dengalo, pouza osenza kuti asafunse malipilo. Kuyamikila wochinga kuti "ndiwe mtima wa timu" n'kumupatsa zotsala, kumeneko n'kumudyela ndithu. Ngati tavomela kuti nchito yake ni yeniyeni, tivomelenso kuti ili na mtengo.

Kuno kwathu nkhaniyi si ya pa TV cabe. Tili na Matero Magic, UNZA Pacers, Green Buffaloes, Munali Suns. Kucokela mu 2021 kuli Basketball Africa League, ndipo matimu a Zambia akhala akuyesa mwai m'magemu olowela mu ligi imeneyo. Mnyamata wa ku George kapena mtsikana wa ku Kanyama amene amasewela ku OYDC amadziwa kuti khomo ni lopapatiza, ndipo amadziwanso cimene cimayenda pa foni. Kavidiyo ka dunk kamafika patali. Mphindi 30 zomamatila mdani woopsa sizifika olo pa geti. Conco amaleka kupatsila, amasunga mphamvu pochinga kuti akawale kutsogolo. Tisanamunene kuti ni wodzikonda, tikumbuke kuti mtengo tinauika ndise otamba. Mwana amagulitsa cimene msika ukugula.

Ngakhale pa bola, imene timati tiidziwa bwino, timacita cimodzimodzi. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Chipolopolo inaima mphindi 120 pamaso pa Didier Drogba, Yaya Touré na Gervinho, ndipo gemu inatha 0-0. Drogba anaphonya penati, inde, koma mphindi zina zonse zinagwilidwa na anthu monga Stoppila Sunzu, Hichani Himoonde na Kennedy Mweene. Funsani aliyense cimene akumbuka za Sunzu: ni penati yothela ija ya 8-7. Wochinga tinamukweza pa mapewa cifukwa ca sekondi imodzi imene anagwila nchito ya wogoletsa.

Manje lowani m'nyumba. Tsiku la graduation ku UNZA, gauni imavala munthu mmodzi, ndipo anaivutikila, palibe angamulande. Koma m'nyumba zambili za ku Mtendere na Kalingalinga muli mlongo amene analekela Giledi 9 n'kuyamba kulawila ku Soweto Market kukapikula tomato, muli ambuya amene anasunga ana kuti amai apite ku nchito. Nchito yao yonse ni zinthu zimene sizinacitike: mwana sanagone na njala, alandilodi sanataye katundu panja, wophunzila sanapitikitsidwe cifukwa ca mafizi. Pakapita zaka, wa gauni uja akayamba kulandila, mlongo akapempha thandizo, mumamva acibale akuti: "Uja amangodalila mlongosi wake." Amufunsa funso la Green: popanda wophunzila, iwe ndiwe ndani? Funso loyenela ni linzake: akanapanda iye zaka zija, gauni ikanafika?

Sikelo iyi nayonso ili na malile. Imapima nchito, sipima umunthu. Wodwala amene sangagwile ciliconse, nkhalamba imene mphamvu zinatha, mukawacotsa mwina bajeti ya nyumba ingapepuke, koma palibe munthu wa nzelu amene anganene kuti alibe phindu. Ulemu wa munthu suyembekezela manambala. Cimene tikukamba pano n'cakuti pamene taganiza zopima nchito, pogawa malipilo, poika dzina pa timu, poyamikila pa maliko kapena pa ukwati, tipime moona mtima.

Ulendo wina mukapita ku NASDEC kapena pa khoti ya m'komboni mwanu, yesani izi. Kwa mphindi zisanu lekani kutsatila mpila. Sankhani wosewela mmodzi amene alibe mpila, mumuyang'ane iye cabe: ngati akukamba na anzake pochinga, ngati akuthamangila kumbuyo mnzake akataya mpila, ngati akuika thupi lake pamene pali zigongono. Ba kochi akamutulutsa kuti apumule, pitilizani kuwelenga, muone mabasiketi angati amene adani alowetsa iye ali pa benchi. Nambala imeneyo ni yake. Ndipo gemu ikatha, pamene gulu lonse likuthamangila amene walowetsa 25, pakhale munthu mmodzi wopita kukagwila dzanja la amene walowetsa 4, n'kumuuza cimene waona.