Kodi Wochita Sewero Angabwereke Munthu Wamoyo?

Taganizani za mnyamata wa pa sekondale ku Dedza m'zaka za m'ma 1970, amene wapatsidwa gawo la chidakwa m'sewero lopita ku mpikisano wa ATEM, uja udayamba mu 1969. Mawu ake a Chingerezi waloweza onse, akubwereza m'mamawa chisanu cha kuphiri chikumuluma zala. Koma mphunzitsi akumuuza kuti, "Mawu ndawamva, koma chidakwa sindinachione."

Pa tchuthi mnyamatayo apita kwawo cha ku Linthipe nayamba kuonetsetsa atsibweni ake, amene kachasu adawatha: m'mene amagwirira chipewa, m'mene amayambira nyimbo osaimaliza, m'mene amapepesera ngakhale kwa tiana. Atabwerera kusukulu achita zomwezo, anzake naseka mpaka misozi. Mphunzitsi akondwa. Koma usiku mnyamatayo tulo tamuthawa. Kodi waonetsa luso, kapena wagulitsa atsibweni ake?

Ena adzati palibe mlandu apa, pakuti wochita sewero aliyense amatola kwa anthu. Kayendedwe ka nkhalamba sikapezeka m'buku. Kuletsa kutola kotere ndiko kuletsa zisudzo. Ine ndivomereza, koma mbali imodzi yokha. Kutola nkofunika, koma si zonse zotoledwa zili zathu. Atsibweni aja adapepesuka pamaso pa mphwawo chifukwa anali pakhomo. Sadadziwe kuti manyazi awo akulongedzedwa kupita nawo pa bwalo.

Makolo athu nkhaniyi adaiganizira kale. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamlemekeza mu 2005, amadzudzula ndithu. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, kwasungidwa zigoba mazanamazana, ndipo zambiri zimanena za ulesi, umbombo, uchidakwa kapena dama. Koma chilombo chikatuluka chimanyoza khalidwe, sichitchula mwini wake. Wolakwa amaseka pamodzi ndi anzake, nakadzifunsa yekha kunyumba. Motero khalidwe limamenyedwa, munthu nasiyiridwa njira yobwerera.

Alembi a ku Chancellor College, amene ankakumana kuyambira mu 1970, nawonso ankabisa. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi a boma lisanaonetsedwe, ndipo iwo ankakulunga mawu awo m'nthano ndi m'mbiri yakale. Kubisa kwawo kunali kodziteteza kwa amphamvu. Kubisa kumene tikumpempha mnyamata wathu nkwina: nkoteteza wopanda mphamvu kwa ife eni ake oseka. Kuseka mfumu yankhanza kumafuna mtima wolimba. Kuseka chidakwa cha m'mudzi sikufuna kanthu.

Nanga achite chiyani? Asasiye gawolo. Abwerere kwa atsibweni, koma ulendo uno ndi makutu, osati ndi maso okha. Mwina adzamva kuti munthuyu anali ku migodi ya ku Joni, nabwerera kumudzi pamene boma lidaimitsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri. Ndi kuti chibwerere sadapezenso ntchito, ndipo wailesi ndi njinga zidagulitsidwa chimodzichimodzi. Akadziwa zimenezi, kudzandira kwake pa bwalo kudzasintha. Anthu adzasekabe, pakuti chidakwa chimaseketsa, koma pakati pa kusekako padzagwa kachete, aliyense atakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kenaka achotse zizindikiro: chipewa chikhale china, nyimbo ikhale ina, kuti wa ku Linthipe akaonera asaloze chala.

Wina adzati pamenepo sewero lazirala. Ine ndikuti lakula. Kutsanzira angathe ngakhale mwana wa zaka zisanu. Chimene wochita sewero amaphunzirira ndicho kumvetsa chifukwa chake munthu amayenda m'mene amayenderamo.

Muyeso wake ndi uwu, ndipo ndiupereka kwa aliyense amene akuloweza gawo lake: yerekezani kuti munthu amene mwambwerekayo wakhala pa benchi loyamba. Ngati mungachite sewero lonse mukumuyang'ana, kenaka nkukamupatsa moni potuluka, pitirizani. Ngati mungafune kuti asabwere, ndiye kuti kukonzekera kwanu sikunathe, ngakhale mawu onse muli nawo pamtima.